Filimu Imene Sindinailankhulire

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, mulibe kanthu koposa mbuzi ndi zipsera za m'maondo. Amayi anu ndiwo andikakamiza kuti ndilembe za ntchito, chifukwa adzukulu akandifunsa chimene ndinkagwira m'boma, ine n'kuyankha kuti ndinkaonetsa kanema, amagwa nako kuseka. Iwo kanema amayenda naye m'thumba, ndiye sangamvetse kuti panali munthu wolandira malipiro pa zimenezo. Alekeni aseke. Ine ndilemba zimene ndinaona, ndipo pamene ndakometsera, amayi anu adzakuuzani, poti ntchito yondigwira bodza anaiyamba kalekale.

Katete, zaka za makuponi a ufa

Ntchito ndinaiyambira ku Katete, ndili mnyamata wosakwatira, pa ofesi yofalitsa nkhani za boma. Anandipatsa galimoto ya kanema, yokhala ndi zimkuzamawu ziwiri padenga, pamodzi ndi dalaivala wake a Daka, amene ankaikonda galimotoyo kuposa ana awo. Tinkanyamuka m'mawa kulowera kumidzi, tikulengeza njira yonse kuti madzulo kuli kanema. Tikafika ndinkamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, kuliza jenereta, kukoloweka mpukutu wa filimu pa makina, n'kudikira kuti dzuwa lilowe. Anthu ankabwera ndi mphasa, timipando, nzimbe ndi makanda kumbuyo, ena kuchokera midzi yakutali ndithu. Ochedwa ankakhala kuseri kwa chinsalu n'kumaonera zonse zili chamanzere, koma sankadandaula.

Abwana anga oyamba anali a Sakala, bambo wamfupi wadazi, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala. Tsiku loyamba anandikhazika pa bokosi la mafilimu n'kundipatsa lamulo limene ndinayenda nalo zaka zonse. "Mbewe, mvera," anatero. "Anthu aba sabwera kuzaphunzira za manyowa. Abwera kuzaona nkhonya. So uziyamba na nkhonya, pakati uikepo manyowa, usilize na nkhonya. Ukaona munthu anyamula mphasa filimu ikalibe kusila, usakambe ati filimu ni yoipa. Walephera ndiwe." Ndinafunsa kuti nanga poti mafilimuwo ali m'Chingerezi, ena m'Chitchaina, anthu amva bwanji? Anandiponyera maikolofoni pamiyendo. "Kamwa uli nayo ya chani?"

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nkhope imene mumaionayi sinayambe yandithandizapo, koma pakamwa Mulungu anandipatsa mosaumira. Filimu ikamayenda ine ndinkalankhula pamwamba pake, kumasulira zimene ndamva ndi kupeka zimene sindinamve. Ngwazi iliyonse ndinkaipatsa dzina la kwathu, ndipo woipa aliyense anali Kapitawo. Mzungu akakwera kavalo ndinkati akuthamangira shuga ku Chipata asanathe, anthu n'kufa nako kuseka, poti masiku amenewo shuga anali wa pamzere. Sindinkangoseketsa ayi. Ndinkawauziratu kuti wabwino ndi uyu, mfiti ndi iyi, kuti pasakhale wosokera, ndipo ndewu ikayandikira ndinkachenjeza amayi kuti agwire ana. Kumudzi wina kufupi ndi Mkaika, titamaliza, mphunzitsi wina wachitsikana wa pasukulu ya pomwepo anandiyandikira ndikupinda chinsalu. "Pepani achimwene, mzungu uja sananene za shuga. Amati mng'ono wake waphedwa." Ndinamufunsa ngati anthu sanasangalale. "Asangalala, koma inu ndinu abodza." Mphunzitsi ameneyo ndiye amayi anu, ndipo maganizo amenewo sanawasinthe mpaka lero.

Zinthu zinkasowa, tinachita kuzolowera. Petulo ankabwera mwa apo ndi apo, mwezi wina galimoto n'kungokhala pansi pa mtengo wa mango, a Daka akuipukuta m'mawa uliwonse ngati ili ndi ulendo. Babu la makina likapsa tinkadikira lina kuchokera ku Lusaka mpaka kuiwala kuti tinaitanitsa. Filimu ikaduka ndinkailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo umene ndinkabera amayi anu. Nthawi zina bokosi linkafika mpukutu womaliza mulibe, ndiye ndinkazimitsa makina n'kufotokoza pakamwa mmene nkhaniyo inathera, ndipo Kapitawo ankafa imfa yowawa kuposa imene eni filimu anamukonzera.

Tsiku lina kunabwera bokosi lolembedwa chinenero chimene ngakhale a Sakala sanachizindikire. Nthawi yoyesa panalibe, tinangolinyamula. Madzulo ake bwalo litadzaza ndinayatsa makina. Pa chinsalu panaoneka mzungu ataima pawindo, kunja kukugwa mvula. Anaima. Anayatsa ndudu. Anaimabe. Kumbuyo kwake mayi wina wachikulire ankasenda mbatatesi patebulo, osayang'anana, osalankhulana. Ndinadikira kuti mwina wina athyola chitseko ndi mfuti, koma kunabwera mphaka. Anthu anayamba kung'ung'udza, chitsononkho choyamba n'kugunda chinsalu. Ndinatenga maikolofoni. "Abale, musadabwe kuti awiriwa sakulankhulana. Mayiwa ndi apongozi ake. Mkamwini uyu mvula yamupezera m'nyumba mwa apongozi, kothawira kulibe, ndiye wangoti maso pawindo." Bwalo lonse linaphulika. Kuyambira pamenepo mzunguyo akangotembenuka pang'ono, azibambo ankakuwa kuti, "Usayang'ane iwe, ulipira mbuzi!" Palibe ananyamula mphasa. M'mawa mwake madoda ankakambirana kuti kani azungu nawonso mwambo amaudziwa.

Nditawafotokozera a Sakala anaseka mpaka kutsokomola. Anati mafilimu otere aliko ambiri kunjako, amapangira anthu ophunzira kwambiri amene amaonera atagwira chibwano, akatuluka n'kumatsutsana za tanthauzo lake. "Si ya anthu olema na khasu," anatero. Ine ndinavomereza. Ndinkati filimu yotere ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo mchere wake ndine. Ndinali wonyada, ana anga, ndipo chifukwa chonyadira chinalipo.

Sinda, zaka za mavidiyo

Pamene anandisamutsira ku Sinda, inu akuluakulu munali mutabadwa, ndipo dziko linali litayamba kutembenuka. Kuseri kwa msika kunabuka tinyumba ta vidiyo, mkati muli mdima ndi fungo la thukuta, nkhonya zikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mipukutu inasiya kubwera. Galimoto ija inabwera nane koma inafera komweko, inakhala pamiyala mpaka nkhuku zinayamba kuikira pa mpando wa a Daka, eni ake atapita kale kumudzi. Abwana anga kumeneko anali amayi a Mwanza, munthu wachilungamo wosadziwa kuseka pa ntchito, koma amene ankabwera ndi ndiwo kunyumba kwathu masiku onse amene amayi anu anagonekedwa m'chipatala. Iwo anandipatsa njinga ndi chimkuzamawu cha m'manja kuti ndizilengeza za katemera, za dibi la ng'ombe ndi za kalembera. Ndinawadandaulira kuti ine ndine wa kanema, osati wolengeza maliro. "A Mbewe," anandiyankha osakweza mutu, "boma silinakulembeni kuti muziseketsa anthu. Linakulembani kuti uthenga ufike. Njinga ili panja." Ndinaikwera. Ndinkalengeza m'Chichewa, ndikakhota njira n'kulengeza m'Chinsenga, ndipo pofika madzulo mawu anali atasasa. Ntchito inali ntchito, koma mtima unkalira.

Loweruka lina ndinalowa m'kanyumba kamodzi ka vidiyo kuti ndione chimene chinandilanda anthu. Ndinapeza kuti mafilimu ena anali atawalankhulira kale m'chinenero chathu, mawu a munthu wina wa kutauni akutuluka m'bokosi la vidiyo momwemo, nthabwala zake zosapsa bwino. Zinandiwawa, komanso zinanditonthoza, chifukwa ndinaona kuti anthu sanasinthe. Munthu amene walima tsiku lonse, kapena wakhala padzuwa kugulitsa tomato, safuna filimu yomupatsa ntchito ina. Amafuna adziwe msanga woti amukonde ndi woti amude, aseke, akuwe, akagone. Sindinaonepo cholakwa pamenepo, ndipo mpaka lero sindichiona.

Vubwi, boma litangotsegulidwa

Nditatsala pang'ono kupuma ananditumiza ku Vubwi. Maofesi anali obwereka, matebulo ogawana, ndipo foni ukaiyatsa inkakulandira ku Malawi usanawoloke n'komwe. Amayi anu anafika ndi katundu atayera ndi fumbi, nandifunsa ngati boma landituma kapena landitaya. Koma kumeneko n'kumene kanema anandibwerera. Anatipatsa kamakina kolingana ndi buledi kukula kwake, kolumikiza ku kompyuta, ndi kajenereta konyamula pamanja. Abwana anali a Zimba, mnyamata wa msinkhu wa iwe Yohane, wakhama, wokonda kuona anthu ambiri pa msonkhano. Ankanditcha mudala, ndipo tinkagwirizana.

Chaka chimenecho, anthu atakolola, mu ofesi munalowa mtsikana wa nsapato zafumbi, chikwama kumsana. Anati dzina lake ndi Esinati, kwawo ndi mudzi wina wa m'malire, ndipo wapanga filimu. Inali itaonetsedwa kale kumaiko akutali, anthu a kumeneko n'kuiombera m'manja, koma kwawo kunalibe amene anaiona. Ankapempha makina athu. A Zimba anavomera msanga, poti anali ndi uthenga wa kalembera wa feteleza woti aupereke filimu ikatha, ndipo kanema amaitana anthu kuposa belu la tchalitchi. Iwo atatuluka, mtsikanayo anandiuza zenizeni. Atate ake, a Laisoni, ankawoloka malire ndi njinga, kunyamula matumba a chimanga ndi mtedza. Anagulitsa ng'ombe kuti iye akaphunzire uphunzitsi, iye n'kusiyira panjira kutsata za makamera. Amayi ake atayamba kudwala, iye anabwerera kumudzi kudzawasamala, koma kamera sanaisiye, ankajambula pakhomo, kumunda ndi panjira. Amayiwo atamwalira, atate ake anamuuza pamaso pa abale kuti anzake amasamala odwala ndi manja awiri, koma iye dzanja limodzi linali pa makina, ndiye apite akagulitse umphawi wawo kwa azungu. Chiyambire tsikulo moni ankayankha, koma kumuyang'ana ayi. "Avomera kubwera," anatero Esinati. "Akuti akufuna aone chimene chinadya ng'ombe yawo. Akatuluka isanathe, ndiye kuti ine pakhomo paja ndathapo."

Ndinamupempha andionetse chiyambi chake pa kompyuta. Sindinachite kuonera nthawi yaitali, matenda a mafilimu otere ndinkawadziwa. "Mwana wanga, filimu yakoyi ndi yokongola, koma anthu athu sakhala. Mulibe nyimbo, mulibe wothamangitsa mnzake, mulibe ngakhale wotukwana. Undilole ndiziilankhulira pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo, sadzanyamuka ndi mmodzi yemwe." Anapukusa mutu. "Mbiri yanu ndinaimva, atate Mbewe. Koma mukalankhula, anthu adzamva inu. Ine ndikufuna atate amve amayi." Ndinafunsa ngati amayi akewo amalankhula zambiri m'filimumo. "Mawu ochepa chabe. Ndi mmene analili. Chonde, ndilonjezeni." Ndinalonjeza. Nditafika kunyumba ndinawauza amayi anu, iwo n'kuika pansi mbale imene ankatsuka kuti aseke bwino. "Inu kukhala chete? Inu amene mumalengeza za katemera ngakhale m'tulo?" Atatha kuseka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma mwamulonjeza mwana wamasiye. Amene uja si mzungu wa shuga."

Tinaonetsera m'shedi ya thonje, masana, mawindo titatseka ndi masaka ndi zitenje. Anthu anadzaza mpaka ana kukwera pamilu ya matumba, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kwabwera a Mbewe a kanema, ndiponso kuti m'filimumo muli anthu a m'mudzi momwemo. A Laisoni anafika mochedwa, bambo wamtali wouma thupi, atavala jekete la kutchalitchi. Anawapatsa benchi lakutsogolo, anakhala okha, chipewa pabondo. Esinati anakaima kumbuyo atatsamira khoma.

Ndinayatsa. Panaoneka njira ya kumalire, m'bandakucha, udzu mbali zonse, popanda munthu. Anthu anadikira. Njira ija inangokhala njira. "Yaima!" anakuwa wina. "A Mbewe, makina agwira! Amenyeni!" Ena anayamba kundilangiza kuti ndizimitse n'kuyatsanso, wina n'kudzipereka kukaona jenereta. Mwamwayi nkhuku inadutsa panjirapo, shedi yonse n'kuseka kuti kani ili moyo. Kenaka kutali kunatulukira kadontho, kamene kanakula pang'onopang'ono mpaka kusanduka munthu wokankha njinga yolemedwa ndi matumba. "A Laisoni awo!" Nthungululu zinamveka. Kwa kanthawi zinthu zinayenda bwino, anthu akuzindikira agalu awo, madenga awo ndi mtengo wa pachigayo. Koma a Laisoni a pachinsalu anafika pachitunda n'kuyamba kukwera, ndipo kamera inakwera nawo phazi ndi phazi, osadumpha. Kunkangomveka kupuma kwawo ndi kulira kwa tcheni. "Kodi afika lero?" Achinyamata ndiwo anayamba kutuluka. Filimu itafika pamunda, anthu ali weramu kukumba mtedza, mayi wina ananyamuka akumanga mwana kumbuyo n'kunena mokweza kuti, "Ine ndachoka kumunda kudzaonera munda? Khasu ndili nalo kwathu." Anamutsatira ambiri. Chitseko chikatseguka kuwala kunkalowa n'kufufuta chithunzi, ndiye aliyense wotuluka ankadziwika kwa onse, ndi kwa a Laisoni omwe.

A Zimba anafika pamene ndinakhala, thukuta lili kamukamu. "Mudala, anthu ayenda! Tengani maiki, chitani vija vanu. Olo chosani iyi muikepo ya nkhonya, tizabwezapo pambuyo." Anandiikira maikolofoni m'manja ili yoyatsayatsa. Ana anga, mapanga awiri avumbwitsa. Nthabwala zinali zitafola kale pa lilime langa, ndipo zinali zabwino, ya chitunda ija ikanagwetsa anthu m'mabenchi. Ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, otuluka abwerera. Ndinkadziwanso kuti shedi ikapitirira kukhuthuka, a Laisoni sapirira manyazi oti mudzi wonse wathawa ntchito ya mwana wawo iwo ali pomwepo. Ndinawaona atachotsa chipewa pabondo n'kuchigwira m'manja, akudikira mpata woti atuluke. Mwina pakamwa panga pakanawakhazika. Koma akanakhala pakati pa anthu oseka, ndipo osekedwawo akanakhala iwo eni ndi njinga yawo, kenaka mkazi wawo amene ali kumanda. Ndinacheuka. Esinati sankayang'ana chinsalu, ankayang'ana dzanja langa. Ndinazimitsa maikolofoni n'kuiika pansi pa mpando. "Bwana, mundikhululukire. Iyi si yoti ine ndiilankhulire." A Zimba anandiyang'ana ngati sakundidziwa, anatola chimkuzamawu n'kuthamangira panja kukagwira anthu asanabalalike. Pa zaka zanga zonse m'boma sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati kukhala chete masana amenewo, ndikumva mapazi akutuluka.

A Laisoni anali atayamba kudzuka, dzanja lili pa benchi, pamene chithunzi chinasintha. Panaoneka bwalo la pakhomo pawo, nkhokwe, ndi mayi woonda atakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akusenda mtedza. Anabwerera pansi. M'shedi munali mutatsala anthu ochepa, ambiri amayi achikulire, ndipo mmodzi anatchula dzina la malemuyo chapansipansi, "NaPhiri." Kunkamveka makoko akusweka, njiwa, ndi kachifuwa ka apo ndi apo. NaPhiri ankasenda, n'kukweza maso kuyang'ana kunjira. Kusenda, kuyang'ana kunjira. Dzuwa litapendeka anaika lichero pansi, anadzuka movutikira atagwira m'chiuno, anayenda mogwiririra nkhokwe mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kuima pamenepo dzanja lili pachipumi. Anaima nthawi yaitali kuposa ya chitunda chija, koma palibe anakuwa kuti makina agwira. Kenaka kutali kunalira belu la njinga. Mayi uja, wodwala yemwe uja, anatembenuka changu, anabwerera pamphasa chothamanga ndithu, anatola lichero n'kuyamba kusenda ngati sanasunthepo chiyambire m'mawa. Njinga inalowa pabwalo, iye osakweza n'komwe mutu. "Mwabwera?" "Ndabwera." "Madzi ali pamoto." Amayi a m'shedi muja anaseka, kuseka kwa pansipansi kwa anthu amene agwidwa, ena akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Filimu inaonetsa madzulo ena, ndi enanso, zovala zikusintha, thupi likunka lichepa, koma ulendo unali womwewo, wa kumapeto kwa bwalo ndi kubwerera. Madzulo omaliza panali mphasa yokha, belu likulira.

Mukandifunsa lero ngati mafilimu otere amakoma kwa anthu wamba, ndikuuzani zoona kuti ambiri sawakonda, ndipo sindiwaimba mlandu. Amene anatuluka tsiku lija sanali opusa. Anali otopa, ndipo anawalonjeza kanema. A Zimba anandikwiyira kwa masiku ndithu, ndipo anali ndi chifukwa, poti uthenga wawo anaupereka kwa anthu ochepa ndi mbuzi za panja pa shedi. Tinadzagwirizananso, ndipo pa phwando londitsanzika ndiwo analankhula mpaka mawu kuwathera. Kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene ndinkadyera pakamwa ndinadziwa zimenezi tsitsi litayera kale.

Filimu itatha, amayi aja anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akugwira Esinati paphewa podutsa. A Laisoni sanasunthe. Tinatsala atatu, jenereta ikulirabe panja. Ndinayamba kukulunga mawaya mwakachetechete kuti ndituluke ndiwapatse mpata, koma anandiitana osatembenuka.

"A Mbewe, makina anuwa amabwerera m'mbuyo?"

"Amabwerera."

"Bwezerani paja amayi ake aimirira."

Ndinabwezera. Anaonera NaPhiri akuyenda mogwiririra nkhokwe, akuima, akuthamangira pamphasa. Chipewa chinagwa pansi, sanachitole.

"Esinati."

"Wawa, atate."

"Iwe unali pati pamenepa?"

"Pakhonde."

"Ankachita zimenezi masiku onse?"

"Masiku onse. Ngakhale pamene miyendo inkakana, ankati ndiwagwirize mpaka pankhokwe. Ankati ndikadzakuuzani adzandimenya ndi mthiko."

A Laisoni anatulutsa mawu amene sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira. "Ine zaka zonsezi ndinkati mayi ameneyu ndikadzafera kumalire adzamva ndi anthu, mtedza uli m'manja." Kenaka anasendera kumapeto kwa benchi, n'kupukuta fumbi ndi chikhatho pamalo pamene anasiyapo.

"Ukuimiranji kutali ngati mlendo? Bwera ukhale apa. A Mbewe, yambirani poyamba penipeni. Ndinali ndisanayang'ane bwino."